Musanaonetse kanema wa nkhani zakale m'kalasi

Mphunzitsi wa mbiri yakale amene akufuna kuonetsa ophunzira momwe wailesi zakanema za ku America zinaulutsira kutera kwa Apollo 11 pamwezi pa 20 July 1969 angaganize kuti cholinga chake chokhacho chikumuteteza. Lamulo la dzikolo la 1976 lokhudza umwini wa ntchito zaluso limatchuladi kuphunzitsa pakati pa ntchito zomwe zingaloledwe popanda chilolezo, pa mfundo yotchedwa fair use, koma silinena kuti chilichonse cha kusukulu n'chololedwa. Khoti limayeza zinthu zinayi: cholinga, mtundu wa ntchitoyo, kuchuluka kwa zomwe mwatenga, ndi momwe malonda a mwini wake akhudzidwira.

Yambani ndi kufufuza mwini kanemayo. Zithunzi zomwe anajambula a NASA si za munthu aliyense, chifukwa ntchito za boma la America sizikhala ndi umwini wotero. Koma pulogalamu ya wailesi yakanema ya CBS ya tsiku lomwelo, momwe Walter Cronkite ankafotokoza zochitikazo, ndi katundu wa kampaniyo. Ngati phunziro lanu ndi la ulendo wa kumwezi, tengani za NASA, nkhani yatha. Za CBS zitengeni pokhapokha ngati phunzirolo likukamba za kaulutsidwe kake: mawu omwe anasankha, zomwe anaonetsa, zomwe anasiya. Apa ndi pamene pagona mphamvu yanu, pakuti kuyambira pa chigamulo cha Campbell v. Acuff-Rose mu 1994 makhoti amafunsa kwambiri ngati wotengayo wapatsa ntchitoyo tanthauzo latsopano. Kanema wongokometsera phunziro sayankha funsoli.

Kenako dulani. Wina anganene kuti nkhani ndi ya tonse, palibe amene angaitsekere m'nyumba. Zoonadi, chochitikacho chilibe mwini, koma amene anachijambula ndiye mwini wa zithunzizo. Pa 29 April 1992 a Los Angeles News Service anajambula ali mu helikopita gulu la anthu likumenya woyendetsa lole, Reginald Denny. A Reuters atagawira makasitomala awo kanemayo, mu 1998 khoti linagamula kuti analakwa. Mu 2002 khoti lomwelo linalola a Court TV, amene anatenga masekondi ochepa n'kuwasakaniza ndi zithunzi zina. Kanema ndi yemweyo, chinasiyana ndi kuchuluka kwake komanso ntchito yomwe anamugwiritsa.

Ganiziraninso kumene mukuonetsera. M'chipinda chophunzirira, pamaso pa ophunzira, lamulolo lili ndi ndime yapadera yololeza sukulu zosachita malonda, bola kanemayo akhale wopezeka mwalamulo. Mukamuika pa YouTube, chilolezo chimenecho mwachisiya kumbuyo, ndipo mwalowa mumsika momwe mwini wake amagulitsa. Lembani dzina la wailesi ndi tsiku la kuulutsa, ngakhale kutchula mwini sikulowa m'malo mwa chilolezo. Dzina ndi tsikulo n'zosavuta kuzipeza ku Vanderbilt Television News Archive, yomwe yakhala ikusunga nkhani zamadzulo kuyambira mu August 1968.

Ngati kalasi yanu ili ku Malawi, lamulo lokukhudzani si la America koma Copyright Act ya 2016, yomwe ili ndi malire akeake pa zamaphunziro. Musanasindikize kapena kufalitsa, funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso.