ZA MAFUTA OTULUKA M'CIMBUDZI

Mafuta a m'nshawa ndi m'nyama salowa m'mwazi pa okha. Ndulu yocokera ku ciwindi ndi madzi a kapamba ziyamba zawasungunula m'matumbo. Nchito imeneyi ikalephereka, mafutawo angopitirira: cimbudzi cikhala cotuwa, conona, conunkha kopambana, ndipo kawirikawiri ciyandama pamadzi.

Mwa zoyambitsa zace muli izi: tizirombo ta m'madzi osaphitsa, tochedwa Giardia, kumwa kacasu zaka zambiri, kumene kuononga kapamba, ndi kutsekeka kwa njira ya ndulu, kumene kusandutsa maso acikasu.

Wodwala aonda angakhale adya bwino, ndipo posowa vitamini A saona bwino kukada. Munthu wotere asazengereze, apite ku cipatala kukapimitsa cimbudzi. Ndipo pamudzi madzi akumwa aziphitsidwa masiku onse.