Dziwani Ufulu Wanu: Mwana Wosokonezeka Maganizo Si Mkaidi

Wophunzira akayamba kuyankhula yekha, kuswa mazenera a kalasi kapena kunena zofuna kudzipha, kuno ku Angónia ambiri timathamangira chingwe, ena kwa apolisi. Mwana wotere akudwala, ndipo malamulo ali kumbali yake.

Malamulo Aakulu a Mozambique a 2004, ndime 89, amapatsa nzika iliyonse ufulu wolandira chithandizo cha mankhwala. Ndime 40 imaletsa kuzunza munthu. Kumumanga pamtengo dzuwa likuswa mtengo, kumukwapula kuti "mizimu ituluke", kapena kumugoneka m'chitokosi usiku wonse, ndi kuphwanya lamulo. Lamulo nambala 7/2008 limateteza aliyense wosakwana zaka 18, ndipo wosafika zaka 16 saimbidwa mlandu ngati wamkulu.

Wapolisi wa PRM akafika, muuzeni momveka: "Mwanayu akudwala, tithandizeni kupita naye kuchipatala." Ku Hospital Rural ya ku Ulónguè funsani técnico de psiquiatria, wachipatala wophunzitsidwa za matenda a maganizo.

Aphunzitsi ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa amaona zizindikiro makolo asanazione: mtsikana wochangamuka wangoti zii pakona, kope lake lopanda kanthu sabata yathunthu. Aphunzitsi, khalani naye pansi, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, musamusiye yekha, itanani makolo. Makolo, kapempheni khonsolo ya sukulu kuti aphunzitsi aphunzitsidwe zimenezi.

Foni yothandiza ana ya Linha Fala Criança, nambala 116, ndi yaulere. Mwana akatsekeredwa, bungwe la boma la IPAJ limathandiza osauka pa zamalamulo popanda kulipira.