Malangizo: Mukadwala Musataye Mtima

Lero tikulankhula nanu amene mwagona m'chipatala, komanso inu odwazika amene mukuyala chitenje pansi pa bedi usiku uliwonse.

Musaganize kuti Mulungu wakutayani. Yobu anali munthu wolungama, koma zilonda zinamugwira thupi lonse. Paulo anapempha katatu kuti minga ya m'thupi mwake ichoke, sinachoke, koma ntchito yake sanasiye.

Itanani akulu ampingo adzakupempherereni, monga Yakobo 5:14 akulangizira. Koma mankhwala musasiye. Kaya ndi ma ARV, a TB kapena a shuga, imwani monga adokotala anenera.

Inunso ampingo, pokazonda odwala tengani kaphala ndi sopo. Mawu achepe, makutu achuluke.

Ambuye akulimbitseni.