Ambuya, mwanyamula ciani?



Mu August masukulu a ku England amakhala otseka, ndipo ena mwa inu mwakwera ndeke kukaceza na adzukulu ku London. Masutikesi adzaza zitenge na nshawa. Zabwino ndithu, koma nshawa zidzatha, citenge cidzang'ambika.

Werengani 2 Timoteo 1:5. Paulo poyamikira cikhulupiriro ca Timoteo akukumbutsa kumene cinayambira: kwa ambuya ake, a Loisi. Baibulo limawachula kamodzi cabe, koma mdzukulu wao anadzatsogolera mpingo wa ku Efeso.

Deuteronomo 6:7 ikupatsa nthawi zinai zophunzitsira ana: pokhala m'nyumba, poyenda, pogona, podzuka. Paholide zonse zinai muli nazo!

Manje osathera nthawi pojambula zithunzi pa Big Ben. Mu sitima, auzeni mmene Ambuye anakupulumutsirani. Usiku asanjikeni manja, muwadalitse mmodzimmodzi pomuchula dzina. Olo samva Cinyanja, pempherani ndithu. Sadzaiwala mau a ambuya. Masabata awiri sacedwa kutha, ndipo caka camawa ca Mulungu yekha.

Pemphero: Atate, moto wanu usazime m'banja langa kufikira kwa adzukulu. Ameni!