MAZIRA PAMTENGO NDI NKHATA PACITSIME

Kwathu kuno tidziwa nyengo za caka poyang'ana mvula. Pali dzinja pamene anthu ali kalikiliki m'minda, masika pamene tidya zam'munda, nyengo ya cisanu, ndi malimwe pamene dzuwa liwamba dziko. Maiko a ku Ulaya ali kumpoto kwa mzere wa Equator, ndipo nyengo zao zisemphana ndi zathu. Mu December ndi January, ife tikupalira cimanga, iwo ali m'cisanu coopsya. Usana ufupika, cipale cofewa cikuta nthaka, mitengo yambiri iyoyola masamba onse niima ngati youma, ndipo m'munda simumera kanthu.

Pofika mwezi wa March dzuwa liyamba kukhalitsa, cipale cisungunuka, ndipo mitengo iphuka. Imeneyi ndiyo nyengo ya mphukira. Inu mwaona m'chire mwathu mu September, pamene mitengo ya mombo ndi mtondo ibvala masamba anthete ofiira mvula isanagwe. Mphukira za ku Ulaya zifanana ndi zimenezo, koma cimwemwe ca anthu akumeneko ciposa, popeza atha miyezi yambiri akubindikira m'nyumba pafupi ndi moto.

M'nyengo yomweyi mufika cikondwerero ca Pasaka, pamene Akristu akumbukira kuuka kwa Yesu. Tsiku lace lisinthasintha. Ligwa pa Sande loyamba mwezi utakhala wathunthu pa 21 March kapena pambuyo pace, cotero m'mipingo yambiri silifulumira kuposa 22 March, ndiponso silicedwa kupitirira 25 April. Kwa ife Pasaka ipeza mvula ikutha ndi dowe atakhwima. Kwa iwo ipeza maluwa oyamba a caka. M'phunziro lino tiona m'mene anthu a ku Germany akometsera mabwalo a nyumba zao ndi zitsime zao pa nthawi imeneyi.

Mtengo wa mazira

Mlendo woyenda m'midzi ya ku Germany Pasaka itayandikira adabwa kuona mitengo yopanda masamba italendewera mazira ofiira, acikasu, obiriwira ndi a maanga. Sizipatso ai, anthu ndiwo awapacika.

Nanga asankhiranji dzira? Dzira poliona likhala ngati mwala wopanda moyo, koma nkhuku ikalifungatira masiku 21 muturuka mwanapiye. Cifukwa cace Akristu analiyesa cizindikiro ca manda amene munaturuka moyo. Palinso cifukwa cina. Kale Mpingo unaletsa kudya nyama ndi mazira m'masiku 40 akusala kudya Pasaka isanafike. Koma nkhuku sidziwa malamulo a Mpingo, ndipo inangoikirabe. Mazira anacuruka m'nyumba, amai nawaphika kuti asaole, ndipo pa tsiku la cikondwerero anali cakudya ndi mphatso ya aliyense.

Mazira opacika pamtengo sakhala ophika, pakuti angalemere ndi kuola. Mai atenga dzira laliwisi, naboola ndi singano kabowo kumutu ndi kena kunsi. Aika pakamwa pa kabowo kamodzi nauzira mwamphamvu, ndipo zam'kati zonse zigwera m'mbale. Zimenezi sazitaya, aphikira mikate. Cigoba cotsalaco acitsuka, naciyanika. Cikauma ana acipaka utoto ndi kulembapo maluwa, mbalame kapena mtanda. Utoto wina ndi wa kusitolo, koma wina aupanga okha: makoko a anyezi owiritsidwa m'madzi apatsa dzira maonekedwe ofiirira, ndipo masamba ena alipatsa kubiriwira.

Kapacikidwe kace nkanzeru. Athyola kamtengo ka macesi, namanga ulusi pakati pace, nakalowetsa coimirira m'kabowo kakumutu. Kakalowa kagona copingasa, ndipo sikangathe kuturukanso. Tsono amanga ulusiwo ku nthambi. Asanapacike ayamba asesa bwalo, kucotsa masamba ofota a caka catha ndi kudulira nthambi zimene cisanu cinapha. M'mbali mwa njira mukhala mutamasula maluwa acikasu amene mizu yace yonga anyezi anaikwirira cisanu cisanayambe. Ajeremani awacha Osterglocken, ndiko kunena mabelu a Pasaka.

M'mudzi wa Saalfeld, m'cigawo ca Thuringia, munali banja lina limene linachuka ndi mwambo umenewu. M'caka ca 1965 linapacika mazira 18 okha pa kamtengo ka maapulo. Mtengo unakula, ndi mazira omwe anaonjezeka caka ndi caka, kufikira m'caka ca 2012 anakwana 10,000. Kuwapacika kunali nchito ya masiku ambiri, ndipo anthu anacokera kutali kudzaona. Eni ace atakalamba analeka nchitoyi m'caka ca 2015. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

M'mawa wa Pasaka akulu abisa mazira ophika ndi zotsekemera m'maudzu ndi m'tsinde mwa zitsamba, nauza tiana kuti Kalulu ndiye wabwera nazo usiku. Nkhani ya kalulu ameneyu inalembedwa kale m'buku lina m'caka ca 1682. Taonani, si kwathu kokha kumene Kalulu alowa m'nthano!

Zitsime za Franconia

Kumpoto kwa cigawo ca Bavaria, pakati pa mizinda ya Bamberg, Bayreuth ndi Nuremberg, kuli dziko la mapiri ndi matanthwe locedwa Fränkische Schweiz. Kumeneko anthu sakometsa bwalo lokha, koma citsime ca mudzi wonse. Kuti timvetse cifukwa cace tiyenera kuyang'ana pansi pa nthaka.

Dzikolo lakhala pa miyala ya laimu, yonga imene aphwanya ku Chilanga popanga simenti. Madzi a mvula adya mwala wotere pang'ono pang'ono, naucita ming'alu ndi mapanga. Cotero mvula ikagwa pamwamba pa zitunda siikhalitsa. Ilowa m'ming'alu, niyenda pansi, nikatumphuka kutali m'zigwa. Anthu a m'zigwa anali ndi akasupe, koma a pazitunda anasauka ndi madzi. Anasunga madzi a mvula m'maiwe ndi m'maenje okumba, ndipo amenewa akaphwa kapena kuipa, akazi anatsika mtunda wautali kukatunga. Iwo sanasenze pamutu monga acitira amai athu. Anabereka kumbuyo migolo yamatabwa, nakwera nayo citunda. Munthu wotunga madzi mobvutika motere sawataya cabe, ndipo citsime aciyesa cuma.

Ncifukwa cace cisanu cikatha, anthu a m'mudzi ayamba atsuka citsime cao. Acotsa matope, ndere ndi masamba amene anagweramo. Atatero aluka nkhata zazitali za timasamba tobiriwira ta mitengo ya mtundu wa paini, imene siyoyola masamba ngakhale m'cisanu. Nkhatazo azikulunga pa zitsulo zopindika zokomana pamwamba, ndipo citsime cioneka ngati cabvala cisoti ca mfumu. Pa nkhata amangapo zigoba za mazira zolembedwa, mazanamazana, pamodzi ndi timizere ta mapepala a maonekedwe osiyanasiyana. Nchitoyi siitheka ndi munthu mmodzi. Usiku wautali wa m'cisanu amai, ana ndi okalamba asonkhana kulemba zigoba, ndipo banja liri lonse lisunga zace poyembekeza nthawi. Zokometsazo zikhala pacitsime monga masabata awiri Pasaka itapita, ndipo pambuyo pace azimasula bwino ndi kuzisungira caka camawa.

Mwambo umenewu si wakale kwambiri monga ena aganizira. Mbiri yace yodziwika iyamba m'zaka zoyamba za m'ma 1900, ndipo mudzi wa Aufseß uchulidwa kuti unakometsa citsime cace ca m'ma 1909. Koma m'zaka za m'ma 1950 mipope ya madzi inafika m'midzi yambiri. Mai amene kale anatsika citunda tsopano anangopotoza mpope m'nyumba mwace. Zitsime zinayamba kuiwalika, ndi mwambo womwe unatsala pang'ono kufa. Anthu ena okonda za makolo ao anauutsanso, ndipo kuyambira m'ma 1980 unafalikira ku zigawo zina za Germany. Citsime ca m'kamudzi ka Bieberbach cinalembedwa m'buku la Guinness m'caka ca 2001 cifukwa ca zigoba zace 11,108, zonse zolembedwa ndi manja.

Anthu a m'midzi imeneyi ali ndi madzi m'nyumba zao, komabe caka ndi caka atsuka citsime ca makolo ndi kucibveka, kuti ana ao adziwe kumene mudzi unamwa. Inunso muli naco citsime, mjigo kapena mpope kumene mutunga. Cingakhale copanda nkhata, cifuna kusamala: kulimira udzu wozungulira, kukumba ngalande yocotsa madzi otayika kuti udzudzu usaswane, kucinga ndi mpanda kuti mbuzi ndi nkhumba zisafike, ndi kusacapira zobvala pakamwa pace. Madzi oipa abweretsa kamwazi ndi kolera, ndipo citsime cimodzi cikaipa, mudzi wonse udwala.

Mafunso

1. Cifukwa ninji nyengo za ku Ulaya zisemphana ndi zathu?
2. Kodi tsiku la Pasaka alipeza bwanji?
3. Chulani zifukwa ziwiri zimene dzira linalowera m'cikondwerero ca Pasaka.
4. Longosolani m'mene kamtengo ka macesi kagwirira dzira ku ulusi.
5. Kodi banja la ku Saalfeld linacita mwambo wace zaka zingati kucokera 1965 kufikira 2015?
6. Mvula imagwa pa zitunda za Fränkische Schweiz. Nanga anthu anasowa bwanji madzi?
7. Ncotani cimene cinafuna kupha mwambo wokometsa zitsime?

Zocita

(a) Pemphani dzira limodzi kwa amai anu. Mphunzitsi akuthandizeni kuliboola ndi kuliuzira, ndipo mulipake utoto wa makoko a anyezi. Mupacike zigoba zanu zonse pa nthambi imodzi pa bwalo la sukulu.

(b) Funsani agogo anu kumene anthu a kwanu anatunga madzi iwo ali ana. Lembani mizere 10 ya zimene akuuzani.

(c) Pitani ndi mphunzitsi kumene sukulu itunga madzi, ndipo mulembe zinthu zitatu zofunika kukonza.