Phunziro 24: Bambo amene ankayesa makina

Tiyeni tikambirane

Ana inu, ndani anaonapo amai kapena atate akutumiza ndalama pa telefoni? Asanatumize, amabaya manambala anai. Amabaya mobisa. Manambala amenewa ndi cinsinsi cao.

M'kati mwa telefoni muli kompyuta yaing'ono. Kompyuta ndi makina owerengera. Imawerengera msanga kuposa inu, kuposa ine, kuposa aphunzitsi onse a pa sukulu pano. Koma ilibe nzeru zake. Imangotsata malangizo amene munthu anailembera. Malangizo amenewa dzina lao ndi pulogalamu.

Munthu akalakwitsa polemba pulogalamu, kompyuta nayo imalakwitsa. Conco pamafunika munthu wina woti aone bwino, monga mmene mphunzitsi amaonera makope anu. Lero timva za bambo wina amene ankagwira nchito imeneyi.

Timvetsere

Dzina lao linali a Ross Anderson. Anabadwa mu 1956. Anakulira ku Scotland, dziko lozizira la ku Ulaya. Ankakonda masamu. Ankakondanso kuliza citoliro ca kwao, cimene cili ndi thumba la mphepo.

A Ross anaphunzira masamu pa sukulu yaikulu ya ku Cambridge, ku England. Atamaliza, anagwira nchito ya zipangizo za ndege. Kenako anagwira nchito ya makompyuta a mabanki. Mu 1992 anabwerera ku Cambridge kukaphunziranso. Pambuyo pake anakhala mphunzitsi komweko.

Pa khoma la banki pamakhala makina otulutsa ndalama. Munthu amalowetsa khadi. Amabaya nambala yake yacinsinsi. Ndalama zimatuluka. Kodi munawaonapo ku Ulongwe kapena ku Tete?

Mu 1992, wapolisi wina wa ku England anapita ulendo ku Greece. Atabwerako, anapeza kuti ndalama zake zacepa ku banki. Wina anali atatapa kasanu ndi kamodzi. Ndalama zonse zinakwana mapaundi 460. Wapolisi uja anapita kukadandaula. Anawauza kuti sanatape iye.

A banki sanamukhulupirire. Iwo ankati makina ao salakwa. Anamutengera ku khoti, ati akufuna kuwadyera ndalama mwabodza. Mu 1994 khoti linamupeza wolakwa. Taganizani, ana inu: ndalama zasowa ndi zake, mlandu wagweranso iye.

A Ross anathandiza wapolisi uja. Anafuna kuona mmene makompyuta a banki ija amagwirira nchito. Ngati makina salakwa, bwanji osawaonetsa? Koma a banki anakana.

Mlandu unapita ku khoti lina lalikulu. Woweruza anaona kuti si cilungamo. Sungagamule munthu ndi umboni wa makina amene ukukana kuti ayesedwe. Mu 1996 wapolisi uja anapambana mlandu. Panali patapita zaka zinai cisowereni ndalama zija. Zaka zinai ndi zambiri. Mwana wa kalasi yoyamba amakhala atafika kalasi yacisanu.

Kodi makina amalakwa bwanji?

A Ross anasonkhanitsa nkhani zambiri za ndalama zosowa. Mu 1993 analemba zimene anapeza. Anthu ankaganiza kuti akuba ndi akatswiri a masamu ovuta. A Ross anapeza kuti nthawi zambiri si conco ai. Zolakwa zinali zazing'ono, za anthu osasamala.

Banki ina inapatsa anthu ake onse nambala yacinsinsi imodzimodzi. Wolemba pulogalamu ndiye analakwitsa. Zili ngati mudzi wonse kukhala ndi kiyi mmodzi wotsegula nyumba zonse! Kwina, wakuba ankaima pamzere kumbuyo kwa munthu, n'kumasuzumira manambala. Kenako ankatola kapepala kamene munthuyo wataya pansi. Kwinanso, wakubayo anali wanchito wa m'banki momwemo.

Mu 2010 a Ross ndi anzao atatu anaonetsa cinthu cina. Anapanga kacipangizo konamiza makina olipirira a m'sitolo. Munthu ankabaya nambala iliyonse, ngakhale 0000, makina n'kuvomera. Sanacite zimenezi kuti abe. Anauza mabanki, ndiponso anaonetsa anthu pa televizioni ya BBC kuti colakwaco cikonzedwe.

Manambala 20

Nchito ina ya a Ross inafika mpaka kwathu kuno. M'zaka za m'ma 1990, dziko la South Africa linafuna kuika magetsi m'nyumba za anthu osauka. Linasankha mita yolipiriratu, imene ambiri timati kontadore. Munthu amagula magetsi coyamba. Amalandira manambala 20. Akawabaya pa kontadore, magetsi amayaka. A Ross anathandiza kukonza njira imeneyi kuti anthu asamapeke okha manambala.

Manambala amenewa amagwira nchito pa kontadore imodzi yokha. Amagwiranso kamodzi kokha. Mukapatsa mnansi wanu, kwao sayaka.

Kumenekonso kunali colakwa. Mtundu wina wa kontadore unkadzaza wokha magetsi akafooka mphamvu. Opanga sanauyese pa magetsi ofooka. Anacotsa makontadore ambirimbiri kuti akawakonze, ndipo anataya ndalama zambiri.

Kuno ku Mozambiki, ogula magetsi a Credelec amabayanso manambala 20. Nyumba zambiri za kumudzi kwathu zilibe magetsi, koma amene muli ndi abale ku tauni mukaone.

A Ross analemba buku lalikulu, dzina lake Security Engineering. Linatuluka koyamba mu 2001. Limaphunzitsa anthu kupanga makina ovuta kuwanamiza. A Ross anamwalira mu 2024, ali ndi zaka 67.

Mau atsopano

kompyuta, pulogalamu, banki, khadi, cinsinsi

Tiombe m'manja pa mau alionse: ba-nki, kha-di, ci-nsi-nsi. Ndi mau ati amene taomba kambiri?

M'Cipwitikizi, kompyuta ndi computador. Nambala ndi número. Cinsinsi ndi segredo. Tinene tonse pamodzi.

Mafunso

1. Kodi a Ross anakulira kuti?
2. Ndani amalembera kompyuta malangizo?
3. N'cifukwa ciani wapolisi anapita ku banki kukadandaula?
4. A Ross anafuna kuona ciani? Kodi a banki analola?
5. Mukanakhala woweruza, mukanakhulupirira ndani? Cifukwa ciani?

Tisewere

Khalani awiriawiri. Mmodzi akhale kompyuta. Wina apereke malangizo: "Imirira. Yenda mapazi atatu. Tola mwala." Kompyuta icite zimene yauzidwa basi. Mnzanu akaiwala kunena kuti "tembenuka", kompyuta isatembenuke. Wacitatu aimirire pambali, aone pamene malangizo alakwika. Ameneyo ndiye a Ross athu. Kenako musinthane.

Tiwerengere

Tolani njere za cimanga 20. Ikani m'magulu a zinai zinai. Magulu akwana angati? Jambulani maguluwo m'kope mwanu.

Kwa makolo

Amai ndi atate, mwana wa kalasi yoyamba sangawerenge yekha nkhani yonseyi. Amene mumatha kuwerenga, muwerengereni pang'onopang'ono madzulo. Ngati simutha, mkulu wake awerenge, inu mumve nao limodzi. Nkhani ya wapolisi ija ndi ya akulu kuposa ana.

Ambiri timapatsa wogulitsa kapena mdzukulu telefoni kuti atibayire nambala, cifukwa maso safika kapena manambala amativuta. Ndikumvetsa, koma nambala imene yadziwika kwa anthu atatu sikhalanso yacinsinsi. Yesetsani kubaya nokha, ndipo phimbani ndi dzanja. Musasankhe 1234 kapena caka cimene munabadwa. Wina akaimba telefoni n'kunena kuti ndi wa ku banki kapena wa M-Pesa ndipo akufuna nambala yanu, musamuuze.

Ndalama zikasowa, musafufute mauthenga a pa telefoni, ndipo musataye timapepala ta ku banki. Lembani tsiku ndi kuculuka kwa ndalamazo. Pitani mukadandaule msanga. Akakuuzani kuti makina salakwa, pemphani kuti akuonetseni tsiku, nthawi ndi malo amene ndalamazo zinatapidwira.

Mawa mwana aliyense abwere ndi njere zake 20 m'kathumba, tidzapitiriza kuwerengera.