Phunziro 9: Ufulu wa Pakamwa ndi Goli la Pakhosi

SABATA MASANA

Werengani: Yeremiya 34:8-22, Deuteronomo 15:12-15, Chivumbulutso 13:11, Yakobo 5:1-6.

Vesi Loloweza: Yeremiya 34:17.

Ganizo Lalikulu: Mtundu wa anthu ungathe kulengeza ufulu ndi pakamwa pamene manja ake akugwirabe ena ukapolo. Mulungu amayesa ufulu wathu poona mmene tikukhalira ndi munthu wotsika koposa pakati pathu.

TSIKU LOYAMBA: Pangano Losweka (Yeremiya 34:8-16)

Ankhondo a Babulo atazinga Yerusalemu, mfumu Zedekiya inapangana ndi anthu ake kuti aliyense amasule kapolo wake wa Chihebri. Lamuloli silinali lachilendo, pakuti Mose anali atalamula kale kuti Mhebri atumikire zaka 6 zokha, ndipo m'chaka cha 7 apite mfulu. Analumbira m'nyumba ya Yehova, nadula mwana wa ng'ombe pakati, napita pakati pa mbali ziwirizo. Koma adani atachoka kwa kanthawi, akuluakulu aja anabweza mtima, nakagwiranso akapolo amene anawamasula. Iwo ankalirira ufulu wa dziko lawo kwa Nebukadinezara, koma anaumana mbale wawo wa pakhomo.

N'chifukwa chiyani Mulungu anati mchitidwewu unaipsa dzina lake (vesi 16)?

LOLEMBA: Nyanga za Mwanawankhosa, Mawu a Chinjoka (Chivumbulutso 13:11)

M'chaka cha 1776 dziko la America linalengeza ufulu wake, nilinena kuti anthu onse analengedwa ofanana. Thomas Jefferson, amene analemba chikalatacho, anali ndi akapolo oposa 600 m'moyo wake. Pofika 1860 akapolo m'dzikomo anali pafupifupi 4 miliyoni, ndipo ukapolo unathetsedwa mu 1865 itatha nkhondo yoopsa ya pachiweniweni. Makolo a mpingo wathu anauona msanga ulonda wovunda umenewu. Joseph Bates anali m'gulu la omenyera kuthetsa ukapolo, ndipo mu 1851 J. N. Andrews, pomasulira za chilombo cha nyanga ziwiri, anatchula ukapolo monga umboni wakuti dziko looneka lofatsa ngati mwanawankhosa likulankhula ngati chinjoka.

Nkhaniyi siili kutali ndi ife. Thomas Branch, amene anafika ku Thyolo mu 1902 kudzayamba ntchito pa malo amene pambuyo pake anatchedwa Malamulo, anabadwa mu 1856 ku Missouri kwa makolo amene anali akapolo. Kuchokera ku Malamulo komweko uthenga unafika kuno ku Neno, pamene mishoni ya Matandani inatsegulidwa mu 1908.

LACHIWIRI: Omasula Asanduka Omanga

M'dziko lathu lino zinachitikanso chimodzimodzi. Angerezi anakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene anapereka chinali kuthetsa malonda a akapolo. Tiyenera kuvomereza kuti anachitadi zimenezi: Harry Johnston anagonjetsa Mlozi ku Karonga mu 1895, ndipo magoli anachoka m'makosi mwa makolo athu. Komabe m'zaka zomwezo azungu a minda anatenga malo aakulu m'madera a Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje. Anthu okhala pamalopo anasanduka alendo, nakakamizidwa kulipira malo ndi thukuta lawo. Mchitidwewu unatchedwa thangata. Kale mawu amenewa ankatanthauza kuthandizana m'munda mwaufulu. Tsopano anatanthauza ntchito ya kalavulagaga. Pa pepala inali mwezi umodzi kapena iwiri pa chaka, koma ena a eni minda ankaitalikitsa mmene afunira, makamaka nthawi ya dzinja pamene munthu akadalima munda wake.

Kodi kusintha dzina la tchimo kumachotsa tchimolo?

LACHITATU: Kulira kwa ku Magomero (Yakobo 5:4)

Thangata inawawa koposa m'minda ya banja la Bruce ku Magomero, ndipo amene anaimva kwambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique, osowa kwina kothawira. Woilamulira mindayo, Alexander Livingstone Bruce, anali mdzukulu wa David Livingstone, munthu amene anadzudzula ukapolo kufikira imfa yake. Matchalitchi amene otsatira John Chilembwe anamanga pamindapo anatenthedwa. Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira, mwazi unakhetsedwa mbali zonse, ndipo iye mwini anaphedwa mu Febuluwale. Thangata inathetsedwa mwalamulo mu 1962. Ife sitiphunzitsa lupanga, koma Yakobo akutichenjeza kuti malipiro obisidwa ali ndi mawu, ndipo kumwamba kumawamva.

LACHINAYI: Nanga Pakhomo Pathu? (Deuteronomo 24:14, 15)

Tinalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964. Gawo 27 la Malamulo Aakulu a dziko a 1994 likuletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, ndipo mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu. Zonsezi n'zabwino, koma Zedekiya nayenso anali ndi lamulo labwino.

Abale ndi alongo, mutu umodzi susenza denga, choncho tonsefe timafuna otithandiza. Funso n'lakuti timawasunga bwanji. Taganizani za mwana wamasiye amene tinamutenga kumudzi ndi lonjezo la sukulu, koma amaswera kubusa ndi mbuzi pamene ana athu ali m'kalasi. Taganizani za mtsikana wantchito amene amatsala kukhitchini pa Sabata ife tikupembedza, ngakhale lamulo lachinayi limamutchula iyenso kuti apumule (Deuteronomo 5:14, 15). Taganizani za waganyu amene anakumba mbatatesi yathu ku Dambe, nauzidwa kuti abwere mawa, mawa lake osafika.

LACHISANU: Mafunso Okambirana

1. Mulungu anakumbutsa Aisraeli kawirikawiri kuti anali akapolo ku Aigupto. Kodi kukumbukira thangata kuyenera kusintha chiyani pa ife olemba anthu ntchito?

2. Ndani pakhomo panu amene sangathe kunena kuti "ayi"? Chifukwa chiyani?

3. Ngati muli ndi malipiro a munthu amene simunapereke, mudzachitapo chiyani dzuwa lisanalowe Lachisanu likudzali?